Njinga ya Mkamwini Isakongole

Kumalaini a makalaliki, Thyolo,
Lamulungu masana.

Lazalo mwana wanga,

Ndikukumva kuseri kwa khomali ukumanga mphasa yako ndi chingwe, ndipo mwina udabwa kuti munthu alemberanji kalata mwana amene akumumva akutsokomola. Chifukwa chake n'chakuti ndikamalankhula nawe umayang'ana zala za kumapazi n'kumangoti "eya bambo, eya bambo," ngati mbuzi yobzikula. Komanso amako salola kuti mawu anga afike kumapeto. Pepala lokha ndi limene silidula munthu pakamwa.

Mawa ukupita ku Khonjeni kukakhala kwa mkazi wako Esinati. Za banja akuuza kale ankhoswe. Ndinamva zonse ndili pawindo, zambiri zinali zabodza koma sizingakuphe. Ine ndikuuza za njinga, chifukwa ntchito yako yakhala pa njinga. Bwana wamng'ono anakuuza ine ndili pomwepo kuti kalaliki wa sikelo yoyezera tiyi azifika asanamenye chitsulo cham'mawa, ndipo ukangoyamba kuchedwa, sikeloyo aipereka kwa mwana wa kapitawo, uja amawerenga ndi zala n'kusokonezekabe. Wapansi kuchokera ku Khonjeni sungafike, ngakhale utanyamuka tambala asanalire. Ukataya sikelo ukhala mkamwini wopanda ntchito, ndipo mkamwini wopanda ntchito ndi khasu lokhala ndi miyendo. Udzalimira mudzi wonse.

Tsono ndikukupatsa njinga yanga. Usathokoze, sindikonda phokoso. Ofesi ili pafupi, ndipo ndinkafuna kale kuyamba kuyenda pansi. Felemu yake ndi ya ku Mangalande, yolemera ngati chitseko cha fakitale, foloko ndi yowongoka. Zina zambiri zatha. Tcheni chikudumpha, matayala achita dazi, mabuleki angotsala dzina. Ndalama zimene wasunga m'chitini ndinamva kulira kwake amako akusesa. Sizikwana njinga yatsopano ija umaima n'kuiyasamira musitolo ya Mmwenye ku Luchenza, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sizikwana. Zikwana zitsulo, ukasankha ndi mutu.

Nditabwera kuchokera ku koleji ya ku Kapa, kummwera kunja kwa dziko lino, ndipo ndikukukumbutsa kuti sindinathamangitsidwe monga amanenera azakhali ako, ndinachoka ndekha chifukwa sindikanapitiriza kukhala pansi pa mphunzitsi amene ndinkamuposa Chilatini, nditabwera ndinagula njinga yathunthu. Yakuda bii, ya mizere yagolide, belu lomveka kutsidya kwa mtsinje, nyale, kaliyala, mpaka kachikwama ka masipanala kuseri kwa chishalo. Ndinalowa nayo kuchikamwini kwa amako ku Kapichi, mudzi wonse n'kutuluka. Ine ndinayesa akulandira munthu wophunzira.

Sipanapite masiku, malume a amako, malemu a Thomu, anafika pakhomo. Anakhala pansi, nafunsa za moyo wa abale anga mmodzimmodzi, mpaka agogo amene anali atagona kale m'manda. Kenaka anati, "Akamwini, hachi yanu ija yadya?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Kwagwa zovuta ku Khwethemule," anatero, "ndipo mwendo uwu ukundivuta."

Ndani angakanize munthu wopita kumaliro? Ndinapereka. Maliro amenewo anatenga nthawi yaitali kuposa maliro a mfumu. Njinga inabwera yopanda belu. Nditafunsa mwaulemu, anati, "Linkasokoneza olira, ndalisiya komweko." Pambuyo pawo anabwera alamu anga, mmodzi akabweza wina watenga. Onse anaphunzirira kupalasa pa njinga yanga, ndipo mphunzitsi wawo unali mtengo wa mango wa pabwalo. Wina ananyamulirapo nkhumba, nkhumbayo n'kudya kachikwama ka masipanala. Nthawi imeneyo ndinali ndi ntchito ya uphunzitsi kusukulu ya mishoni. Ndinkadzuka n'kupeza njinga yapita kokagula fodya, ine n'kuthamanga wapansi, kufika ana atabalalika kale. Mzungu wa mishoni sanafune kumva za malume. Ndi mmene munthu wodziwa Chilatini anafikira powerenga matumba a tiyi, n'kusamutsira amako kumalaini kuno. Dzinja limodzi lokha, pa njinga yonse ija panatsala felemu. Ndi yomwe ukulandirayi. Inapulumuka kwa a Thomu, palibe china chimene chingaiphe.

Mvetsa pamenepa, Lazalo, chifukwa kalata yonse yagona pamenepa. Mkamwini alibe mawu akuti ayi. Ukugona pa dothi la eni, ukumwa madzi a pachitsime cha eni, ana ako adzakhala a eni. Malume a mkazi wako akakupempha chinthu, apemphera ulemu chabe, atenga kale. Popeza pakamwa pako sipangakane, njingayo izikana yokha. Ndalama zako uziike pamene maso a alamu safika. Zimene zimakunyamula zikhale zabwino koposa, zimene zimaoneka zikhale zonyansa koposa.

Yambira pa tcheni. Nditaiukitsa njingayi kuno, ndinapita kwa a Sumaili, aja ali ndi kasitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Khonjeni komweko. Anandionetsa matcheni a mitundu iwiri. Nditamva mtengo wa cha ku Mangalande ndinachibweza msanga ngati chandiwotcha. Iwo ananyamula chinacho n'kuchigwedeza pamaso panga.

"Ichi, akalaliki, n'chimodzimodzi ndi chinzakecho. Kungoti chinabadwira ku Japani."

"Chikwera phiri?"

"Chikwera, Mulungu akalola."

Mulungu sanalole. Ndinali pa chikweza cha kufakitale, nditaimirira pa mapedulo, amayi otchola tiyi ali mbali zonse ziwiri za msewu ndi madengu kumsana. Tcheni chinangoti thwa. Ndinatsika ndi thupi lonse pa chitsulo chapakati cha felemu. Sindinalire, ndine munthu wophunzira, koma ukadzafuna kudziwa chifukwa chake ulibe mng'ono wako, ukafunse tcheni chimenecho. Amayi aja anapeka nyimbo, ndipo mpaka lero ndikamadutsa amaiyamba chapansipansi. Nditabwerera kwa a Sumaili ndi zidutswa m'manja, anaziyang'ana n'kunena kuti, "Munapalasa mutakwiya. Ichi sichifuna mkwiyo."

Choncho tcheni ugule cha ku Mangalande, ngakhale chitakudyera gawo lalikulu la chitini chako. Ugule pamodzi ndi fuliwilo, kachitsulo ka mano ka kugudumu lam'mbuyo kaja, chifukwa mano akale amadya tcheni chatsopano monga alamu adyera mkamwini watsopano. Akakuonetsa tcheni chogwirapo kale ntchito n'kumalumbira kuti chili bwino, uchigwire kunsonga n'kuchipinda cham'mbali. Chikapindika ngati njoka, chisiye. Habu yam'mbuyo yomwe ilipoyo, chitsulo cha pakati pa gudumu chija, ndi yabwino, ingoitsegula, utaye timipira tachitsulo takale, uike tatsopano. N'totsika mtengo, ndipo ndi timene timasenza munthu. Girisi upemphe kwa amene amayang'anira makina a kufakitale, usabe. Wakuba girisi amadziwika ndi malaya.

Usawathawe a Sumaili chifukwa cha nkhani yangayi. Matayala ndi machubu awo a ku Japani ndi abwino ndithu, ndipo palibe chifukwa cholipirira dzina la Mangalande pa chinthu chimene ntchito yake ndi kukhwekhwereza m'matope. Uwapatse moni wautali, ufunse za ana, usapiteko Lachisanu masana, ndipo usaonetse kuti wachikonda chinthu. Tayala latsopano uike kumbuyo kumene kuli kulemera kwako. Kutsogolo uike logwirapo ntchito, bola ulusi usaonekere. Chubu umamata mpaka zigamba zitayamba kukwerana, pamenepo ndiye ugule china. Timphira ta valavu usunge m'kati mwa chipewa. Ndi kanthu kakang'ono ngati nyongolotsi, koma kakang'ambika uyenda pansi ukukankha njinga yathunthu, ndipo palibe chitsiru chooneka bwino kuposa chimenecho.

Malimu, handulo ndi mapedulo usagule zatsopano. Akhukhi a azungu ali ndi mulu wa zimenezi kuseri kwa makhitchini, zotsala pa njinga zimene mabwana anatopa nazo. Gudumu ulinyamule n'kulizunguza pamaso pako. Likamavina, lisiye. Masipoko uwakhudze limodzilimodzi ndi chala ngati ukuimba bangwe, lomwe likulira mosiyana ndi anzake ndi lofooka. Dzimbiri la pamwamba lisakuopse. Dzimbiri ndi mnzako, ndi limene lidzakutetezera njinga iwe uli mtulo.

Amako angolowa kumene kudzatenga lichero. Akuti, "Mukulemba chiyani, bambo a Lazalo? Mwana ali pomwepa."

Ndati ndikulemba za a Thomu.

"Malume anga anamwalira kalekale. Asiyeni agone."

"Agone," ndatero ine, "koma belu langa sanabweze."

Atuluka akung'ung'udza. Ndipitirize.

Mabuleki. Apa usaumire ngakhale pang'ono. Ine ndinaona mtengo wa mphira za mabuleki n'kuganiza kuti munthu wa nzeru zanga sangalipire zimenezo. Ndinadula timapisi pa nsapato yakale n'kumangirira. Masiku a dzuwa zinkagwira ndithu. Tsiku lina kunagwa chiperoni, kamvula kaja konyowetsa munthu osamuuza, ndipo ndinkatsika kanjira kopapatiza ka pakati pa tiyi. M'nkhungu muja ndinaona munthu akukwera ndi dengu pamutu. Anali agogo ako, amayi awo a amako, akubwera kudzationa. Ukudziwa mwambo: mkamwini ndi apongozi sakumana maso ndi maso, salankhulana, mmodzi amapatuka. Ndinafinya mabuleki, nsapato ija n'kumangopsompsona limu. Agogo ako anaima n'kutembenuzira nkhope kumbali monga mwa ulemu, koma thupi lonse ndi dengu zinali pakati pa njira. Kufuula sindikanafuula, munthu safuulira apongozi. Ndinapatuka ine.

Tiyi wodulira bwino ndi wosalala ngati tebulo. Ndinagona pamwamba pake chagada, miyendo m'mwamba, njinga ili pansi penapake, chipewa chitapita kwawo. Kenaka ndinamva agogo ako, nkhope ili kumbali komwe kuja, akulankhula ndi tchire.

"Tiyi iwe, tawafunsa akamwini ngati ali moyo."

Ndinayankha kuti, "Tiyi, uwauze kuti ndili bwino. Ndikuyendera munda."

"Uwauze kuti ayendere bwino," anatero, n'kupitiriza ulendo. Pofika ine kunyumba ndikutsimphina, nkhani inali itaphikidwa kale ndipo malaini onse anali atadya.

Ugule mphira zenizeni za mabuleki, zatsopano, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo timitengo tachitsulo tokoka mabulekiwo tikhale towongoka. Mkamwini amatsika njinga kawirikawiri kuposa mmene amaipalasira. Utsikira apongozi, utsikira malume, utsikira maliro, ukafika kuno utsikira bwana ndi dona wake n'kuvula chipewa, mwinanso galu wa dona. Ulemu wonse wa m'dziko muno wagona pa timphira tiwiri, ndipo limu likanyowa uyambe kufinya ukadali kutali.

Tsopano zooneka. Utoto usapake. Ngati dzimbiri layamba kulowa mkati, upake phula, ndipo upake moipa, ngati wapaka ndi mwana. Njinga usamaitsuke. Tcheni chokha ndi mahabu uzipukuta ndi kuthira mafuta, koma uzichitira kuno kuntchito, osati pabwalo pamene alamu angaone kuti umaikonda. Madigadi ndi ofunika, chifukwa kalaliki wofika ndi mzere wa matope kumsana amasekedwa ndi otchola tiyi omwe, koma ugule opindikapindika, lina lakuda lina lobiriwira. Belu ayi. Mulungu anakupatsa mluzu. Nyale ayi, nyale ndi imene imauza mlamu kuti njinga ingathe kupita kumowa ndi kubwerako. Pedulo lakumanzere limalira kwii, kwii. Ndikudziwa mankhwala ake koma sindikuuza. Lisiye lizilira, munthu wofuna kukaonekera kwa akazi sakwera chinthu cholira choncho. Pampu uzigona nayo kuchipinda, kumene malume sangalowe.

Chishalo ndicho mlonda wako wamkulu. Pa ukwati paja anthu ankaganiza kuti ndakhala chete chifukwa cha chisoni. Ndinkayeza abale a Esinati ndi maso. Onse ndi aafupi ngati tiyi wodulira kumene, ndipo malume awo, a Makwinja, aja anadya chiwindi chonse okha, akhoza kudutsa pansi pa tebulo langa osavula chipewa. Iwe unatengera ine miyendo. Kweza chishalo mpaka pamene chala chako cha kuphazi chikungokhudza pansi, umange, kenaka utenge nyundo uphwanye makona a nati mpaka ikhale yobulungira, sipanala iliyonse izingoterereka. Chishalo chenichenicho usasinthe. N'chouma, ndipo chili ndi sipuling'i imene imatsina mlendo. Ine ndi icho tinamvana kalekale, nawenso mumvana, ingokhalira chakumanja pang'ono.

A Makwinja akabwera, ndipo abwera, adzayamba ndi kufunsa za moyo wanga. Usadzakane. Udzagwade, udzati, "Tengani malume, ndi yanu yomwe. Kungoti pa chitsikiro muzisamala, dzana inandiponya m'ngalande." Udzaitulutse wekha, uwagwirire, uwalimbikitse kuti akwere. Aiyang'ane phula lija, ayang'ane chishalo chili m'khosi mwawo, ayese kuponya mwendo ana akuonerera. Adzakumbukira okha kuti kumene akupitako n'kufupi. Ukatero wapereka, iwo ndiwo akana, ndipo ulemu wako uli wonse.

Kaliyala ndamasula kale, ali pansi pa bedi langa. Njinga ya kaliyala ndi ngolo ya mudzi. Lero chimanga cha apongozi, mawa mbuzi, mkuja mlamu wodwala dzino amene akuchira mukangofika pamsika. Esinati akafuna kupita kuchipatala cha mishoni kapena kukaona anthu, udzabwere udzatenge, ukatha udzabweze. Mkazi wako yekha ndiye woyenera kunyamulidwa, ameneyo usamuyendetse pansi iwe uli ndi njinga. Amako akuti ndachita zimenezi kuti uzibwera kuno kawirikawiri. Amako sanapite ku koleji.

Ndikubwerezanso, popeza mutu wako ndimaudziwa: tcheni, fuliwilo, timipira ta m'habu, mphira za mabuleki, zimenezi zatsopano ndi zabwino. Zikatsala ndalama, tayala lam'mbuyo. Zikatsalabe, umugulire Esinati nsalu, kuti akhale mbali yako tsiku limene abale ake adzayambe kunena kuti anakwatiwa ndi munthu wokwera chitsulo cha kudzala.

Koma ndikanakhala wabodza ndikanakuuza kuti phula ndi chishalo zidzakupulumutsa kwa onse. Mudzi uliwonse uli ndi munthu mmodzi wamtali. Kudzapezeka wina wa miyendo ngati yako, wosaopa manyazi, woti akangozunguza pedulo kamodzi adzamva kuti pansi pa matopewo pali njinga yabwino. Ameneyo njinga siidzamukana. Adzabwera m'mawa, nthawi yomwe iwe ukumanga nsapato, ndi nkhani yomvetsa chisoni. Tsiku limenelo pakamwa pako padzayenera kugwira ntchito imene pakamwa panga panalephera ku Kapichi, apo ayi sikelo yapita. Ndipo iwe, Lazalo, chibadwire sindinakumve ukukaniza munthu chilichonse. Uli mwana unkapereka mbatata yako kwa aliyense woyang'ana.

Tsono uphunzirire pa ine. Ndine wamtali, chishalocho chimandidziwa, ndipo manyazi anandithera pamwamba pa tiyi. Mawa m'mawa, ukamanga mphasa yako pa felemu, ndidzatuluka nditavala jekete. Ndidzakupempha pamaso pa amako kuti undibwereke njingayo ndikafike nayo ku ofesi komaliza, iwe udikire pang'ono. Ndidzanena kuti bondo likundipweteka, ndipo likundipwetekadi. Ndidzakukumbutsa amene anakulipirira sukulu. Mwina ndidzaigwira handulo osafuna kuisiya, pakuti ndakhala nayo nthawi yaitali kuposa mmene ndakhalira ndi iwe. Amako adzati, "Apatse bambo ako, kodi wasanduka chiyani?" Usawamvere. Ukandipatsa, ndidzakwera, ndipo sindidzabweza, chifukwa ndidzadziwa kuti kuli bwino ithere kwa ine kusiyana ndi kwa a Makwinja.

Undikanize. Ugwade, uyang'ane pansi monga umachitira, unene kuti, "Pepani bambo, ndichedwa," uchotse dzanja langa pa handulo, ukwere uzipita osacheuka. Ndidzakutukwana mpaka utakhota pa fakitale, malaini onse adzamva kuti ndinabala mwana wosayamika. Zimenezo usazitengere kumtima. Ndikadzasiya kutukwana ndidzapita ku ofesi wapansi, ndipo ndidzafika nthawi yabwino.

Ndine amene ndinakupatsa miyendo,
Bambo wako.